Utsi wa mmphawi ndiwo umaoneka

Alamu anga ali ndi kapikiapu ka Nissan 1400, aja kuno ku Joni amawatcha bakkie. Kakadzuka m'mawa, mzere wonse wa nyumba ku Mamelodi umadziwa kuti kwacha. Kamayamba ndi kutsokomola kawiri katatu, kenaka nkulavula utsi wabuluu womwe umakwawa pansi ngati nkhungu ya m'dambo, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana nayo amathamangira kukaanula matewera pachingwe. Komatu kagalimoto kameneka ndiye munda wa banja lonse. Kamanyamula zinyalala za m'magadeni a ku Waterkloof, mafiriji akale, njerwa, mchenga, ndipo mwezi ukatha ndalama ina imawoloka Limpopo ndi Zambezi kukagula feteleza ku Dedza.

Atakagula, kuti mapepala alowe m'dzina lawo padafunika chiphaso cha roadworthy, chija kwathu timati COF. Ndidawaperekeza kwa makaniko wina wa pansi pa mtengo ku Pretoria West, mnyamata wa kwathu konkuja, wa ku Mangochi. Sadatsekule nkomwe boneti. Adazungulira kumbuyo, nkupisa chala mu ekizozi, nkuchitulutsa chili bii, chonyezimira ndi oyilo. Adachifikisa pa ovolosi yake, nati: "Madala, maringi awa adapita kalekale. Nanga tikonze galimoto, kapena tikonze mayeso?"

Kukonza galimoto kudali kutsitsa injini, ntchito yodya ndalama ya maganyu a miyezi iwiri. Kukonza mayeso kudali mtengo wa thumba la ufa ndi nkhuku imodzi. Mukudziwa kale chomwe alamu adasankha. Mnyamata uja adakhetsa oyilo wakale nkuthira wolemera, nkuwonjezera botolo la mankhwala ena onanda ngati uchi. Adasintha mapulagi, adakuntha fumbi m'sefa ya mpweya, adapotoza kasikuluwu ka pa kabyuleta mpaka injini idatsala pang'ono kuzima ndi njala ya petulo. Kenaka malangizo: mukaithamangitse pa N4 itenthe bwinobwino, ndipo pamzere musakaizimitse. Matayala awiri adabwerekedwa kwa mnzawo wa kutchalitchi. Kagalimoto kadakhoza mayeso. Madzulo omwewo matayala adabwerera kwa mwini wake, kasikuluwu kadabwezedwa pamalo pake chifukwa kopanda kutero sikakadakwera chitunda ndi katundu, ndipo sabata ziwiri zisadathe mayi wa matewera uja adayambanso kuthamanga.

Sindikulemba izi kuti ndiwayalutse alamu. Ndikulemba chifukwa funso la mnyamata wa ku Mangochi lija, loti tikonze galimoto kapena tikonze mayeso, limafunsidwanso m'maofesi ozizira bwino a anthu ovala masuti, ndipo nawonso amayankha monga adayankhira alamu. Kusiyana kwake nkwakuti wina akatero timati wachita chinyengo, wina akatero timati wapempha nthawi.

Tiyambe tauzana chomwe lamulo likunena, poti pa nkhaniyi mphekesera nzambiri. Mu South Africa galimoto ya munthu wamba siyezedwa utsi chaka ndi chaka monga amachitira ku Britain ndi MOT yawo. Kawirikawiri imakaonekera kwa woyeza ikamasintha mwini basi. Ma taxi ndi malole akuluakulu amayezedwa chaka chilichonse, mabasi pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Malamulo a pansi pa National Road Traffic Act ya 1996 amaletsa kuyendetsa galimoto yofuka utsi wochindikala mpaka kusowetsa anthu mtendere kapena kuwatchinga maso pamsewu. Ndiye kuti kwa kagalimoto ngati ka alamu, muyeso waukulu ndi diso la munthu. Diso limaona utsi wabuluu ndi wakuda. Carbon monoxide, mpweya uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka, diso siliuona, mphuno siyiumva.

Mu 2014 boma lidasintha malamulo kuti galimoto yomwe yakwanitsa zaka 10 izikayezedwa pa zaka ziwiri zilizonse, koma tsiku loyambira lidasiyidwa m'manja mwa nduna, ndipo zaka zakhala zikudutsa tsikulo lili chigonere m'kabati. Eni malo oyezera magalimoto amalikumbutsa boma pafupipafupi. Sindiwadabwa, wogulitsa maambulera sangadane ndi mvula. Ndipo m'mfundo zawo muli zoona: galimoto yomwe yakhala ndi mwini mmodzi zaka 20 ikhoza kuyenda moyo wake wonse popanda woyang'ana mabuleki ake, osanena za utsi. Tsiku lina lamuloli lidzadzuka, ndipo likadzadzuka makina oyeza utsi adzabwera nalo kapena kulitsatira pambuyo. Ine sindikana kuti adzabwere. Chomwe ndikukana ndi choti muyeso uyambire pa ekizozi ya alamu pomwe machumuni akuluakulu akuyezedwa ndi mphira wotamuka.

Mu Sepitembala 2015 bungwe la EPA ku America lidaulula kuti kampani ya Volkswagen idaika m'magalimoto ake a dizilo pulogalamu ya kompyuta yomwe inkazindikira kuti galimoto ili pa mayeso, nkuyamba kudzisunga bwino, koma ikabwerera pamsewu nkumatulutsa mpweya woipa wa nitrogen oxides wofika mpaka kuwirikiza ka 40 pa mlingo wololedwa. Kampaniyo idavomera kuti magalimoto okhudzidwa adali pafupifupi 11 miliyoni pa dziko lonse. Taganizani, akatswiri a madigiri ku Wolfsburg ndi mnyamata wa sipanala pansi pa mtengo ku Pretoria West adafika pa nzeru imodzimodzi: potoza kasikuluwu woyeza akamaona, akatembenuka bweza.

Koma za ku Germany nzakutali. Tibwere pakhomo. Dera la Highveld, kum'mawa ndi kum'mwera kwa mzinda uno wa Pretoria, boma lenilenili lidalilengeza mu 2007 kuti mpweya wake wafika poipa mofunika chisamaliro chapadera. Kumeneko ndi komwe kuli malo ambiri a Eskom opangira magetsi ndi malasha, komanso fakitale ya Sasol ku Secunda. Malire a utsi wa mafakitale adasindikizidwa mu 2010, oti atsatidwe pofika 2015, ndipo okhwima kwambiri pofika 2020. Eskom idapempha nthawi, idapatsidwa, idapemphanso. Mu 2020, nthawi ya malire okhwima aja itakwana, boma lidangokweza mlingo wa sulphur dioxide wololedwa pa malo akalewo kuchoka pa 500 kufika pa 1,000. Mwana walephera mayeso, aphunzitsi nkutsitsa malikisi okhozera. Ku Kusile, amodzi mwa malo a Eskom aja, paipi yaikulu yopita ku chumuni itagwa mu Okutobala 2022, Eskom idaloledwa mu 2023 kuyatsa makina atatu pogwiritsa ntchito machumuni ongoyembekezera, molambalala chipangizo chosefa sulufule, mpaka mu 2025. Chifukwa chake chidali chomveka: magetsi ankazimazima, chuma chinkagwada. Nachotu chifukwa cha alamu nchomveka: ana adye. Bwanji chifukwa chimodzi chimalandiridwa ndi siginecha ya nduna, china ndi chindapusa cha wapolisi wa pamsewu?

Ndipo musaganize kuti utsi wa ku Highveld umadziwa malire a maboma. Amene tidali muno mu Febuluwale 2021 tikukumbukira fungo la mazira owola lomwe lidakuta Gauteng kwa masiku angapo, mpaka tinkayang'anana m'taxi ngati pali wina wachita zamanyazi. Akuluakulu a zachilengedwe adaloza chala ku mafakitale a ku Highveld. Pa 18 Malichi 2022, m'bwalo lalikulu la milandu la muno mu Pretoria, Jaji Colleen Collis adagamula mlandu womwe bungwe la groundWork ndi la Vukani la ku eMalahleni adasumira boma. Adati mpweya woipa wa ku Highveld ukuphwanya gawo 24 la malamulo aakulu a dziko, lomwe limapatsa aliyense ufulu wokhala pa malo osaononga thanzi lake. Boma, m'malo mogwira tsache tsiku lomwelo, lidachita apilo mbali ina ya chigamulocho, ndipo nkhani idakathera ku bwalo la apilo ku Bloemfontein mu 2025. Zaka zitatu zimenezo ana a ku eMalahleni sadasiye kupuma kudikira maloya. Akulu adati anyani sasekana zikundu. Boma lomwe lili ndi Eskom m'manja mwake lidzichepetse pang'ono likamadza ndi makina ku ekizozi ya munthu wonyamula zinyalala.

Nanga mafuta omwe timathirawa? Apa ndiye pamandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa utsi wa galimoto umayambira pa pampu. Dziko lino lidachotsa mtovu mu petulo mu Januwale 2006, ndipo pamenepo tiwaombere m'manja. Gawo lotsatira, lotchedwa Clean Fuels 2, loti sulufule m'mafuta atsike kufika pa 10 ppm, lidayenera kuyamba mu 2017. Makampani oyenga mafuta ndi boma adakanganirana za yemwe alipire kukonzanso makina, tsiku lidasunthidwa, lidasunthidwanso, mpaka lidakaikidwa pa Julayi 2027. Ku Ulaya mlingo umenewu udakhala lamulo mu 2009. Ndiye poti mafuta ngotere, magalimoto atsopano ogulitsidwa muno akhala akungofunsidwa mlingo wa Euro 2, womwe ku Ulaya udayamba mu 1996, alamu anga akadali ku pulayimale. Makampani a mafuta apatsidwa zaka khumi zaulere. Ndikufuna ndione ngati wa Tazz kapena wa Citi Golf adzapatsidwe ngakhale miyezi khumi.

Chowawitsa mutu nchakuti mzinda uno umadziwa kupanga galimoto yaukhondo. Ukamachoka ku Mamelodi kulowa m'tauni umadutsa pafupi ndi fakitale ya Ford ku Silverton, komwe kumatuluka ma Ranger ambirimbiri opita kutsidya kwa nyanja. Ku Rosslyn, BMW yakhala ikupanga magalimoto kuyambira 1973, ndipo ma X3 ake ochuluka amakwera sitima za pamadzi kupita ku maiko omwe sachita nthabwala pa nkhani ya utsi. Ku Rosslyn komweko ndi komwe kudabadwira kapikiapu ka alamu, mtundu womwe Nissan idasiya kupanga mu 2008. Ukapitirira kumadzulo pa N4 ukufika ku Brits ndi Rustenburg, komwe pansi pa nthaka pali pulatinamu wochuluka kuposa kwina kulikonse pa dziko, chitsulo chomwe chimakhala m'kati mwa catalytic converter nkumasandutsa mpweya wakupha kukhala wopepukirapo. Amalawi angati adatsikira m'migodi imeneyo? Timakumba mankhwala, timawakulunga bwino, nkuwatumiza kukachiza mpweya wa ku Munich, ife nkutsala tikutsokomola.

Wina anena kuti ngati galimoto yakutha, aisiye, akwere za anthu onse. Wonena zimenezi sadadzukepo 4 koloko m'mawa ku Soshanguve. Mzinda uno udamangidwa dala kuti wantchito azigona kutali ndi ntchito yake. Anthu a ku Lady Selborne, omwe ankakhala pafupi ndi tauni, adasamutsidwa mokakamiza m'zaka za m'ma 1960 nkukatayidwa ku Ga-Rankuwa, Atteridgeville ndi Mamelodi. Tsankho lidatha pa pepala mu 1994, koma makilomita aja sadafupike. Sitima ya ku Mabopane, yomwe inkanyamula khamu la anthu motchipa, idaima kumapeto kwa 2019 mbava zitazula mawaya, ndipo idadzayambanso mu 2022. Sitima ya Gautrain imathera ku Hatfield ndipo mtengo wake si wa munthu wa m'gadeni. Komanso tandiuzani, firiji yakale kapena milu ya nthambi za jakaranda ungakwere nazo basi ya A Re Yeng? Galimoto yakale m'mzinda uno si chizolowezi choipa ngati fodya ayi. Ndi khasu.

Msonkho wa utsi nawo alamu amalipira kale, ngakhale sadziwa. Kuyambira mu Juni 2019 lita iliyonse ya petulo ndi dizilo ili ndi kagawo ka carbon tax. Ogula galimoto yatsopano adayamba kale mu Sepitembala 2010, pa R75 pa galamu iliyonse yopitirira 120 pa kilomita. Ndalama zimenezi zimangolowa mu nkhokwe yaikulu ya boma. Palibe kobiri lolembedwa kuti ili ndi lothandiza wa kagalimoto kakale kugula maringi. Chonsecho boma lomweli likudziwa njira ina: mu 2006 lidayamba kugula ma taxi akutha pa R50,000 imodzi kuti aphwanyidwe, eni ake apeze poyambira. Pulogalamuyo idayenda motsimphina, inde, koma idavomereza mfundo imodzi yofunika, yoti munthu sumulanda khasu lobuntha osamuonetsa kosulira lina.

Mukabweretsa mayeso okhwima popanda zimenezi, chomwe mudzakweze si ukhondo wa mpweya koma mtengo wa ya Fanta. A Road Traffic Management Corporation akhala akumanga oyeza magalimoto omwe amapereka ziphaso kwa magalimoto oti sadapondeko nkomwe pabwalo loyezera. Msika umenewo ulipo kale, ukungodikira makasitomala atsopano. Ndipo anthu a Gauteng adaonetsa kale zomwe amachita ndi lamulo lomwe aliona ngati lodyera masuku pamutu. Ma e-toll, makina olipiritsa magalimoto pamsewu, adayatsidwa mu Disembala 2013, anthu adakana kulipira, ndipo mu Epulo 2024 boma lidazimitsa lokha. Kwa mlendo zimaposa apa. Mmalawi yemwe mapepala ake okhalira muno ali ndi chilema sangatsutsane ndi wapolisi za mtundu wa utsi. Amangopisa m'thumba.

Tsopano nditembenukire kwa ife eni, chifukwa ndikangothera pa boma ndiye kuti nanenso ndakonza mayeso mmalo mwa galimoto. Utsi wa Kusile ukhale woipa chotani, sufika pamphuno ya mwana wanu msanga kuposa wa ekizozi yanu. Chumuni chimalavulira kumwamba, ekizozi imalavulira pa msinkhu wa mwana wa zaka zinayi ndi wa mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ku Marabastad. Nyengo yozizira, mu Juni ndi Julayi, mpweya wozizira umagona pansi pakati pa mapiri a mzinda uno ngati wovundikiridwa ndi mbale, ndipo utsi wa magalimoto, wa mbaula (a kuno amati imbawula, mawu ake ndi omwewo) ndi wa zinyalala zotenthedwa umangozungulira pomwepo mpaka dzuwa litakwera.

Utsi umalankhula, ndipo makaniko aliyense woona mtima adzakumasulirani. Wabuluu ndiye kuti injini ikudya oyilo, maringi kapena timphira ta mavavu tatha. Wakuda ndiye kuti mafuta akuchuluka kuposa mpweya, mwina sefa yatsekeka, mwina ma injekita akudontha, mwina kabyuleta idatcheredwa ku Durban m'mphepete mwa nyanja pomwe kuno tili pamtunda wa mamita oposa 1,200, komwe mpweya ndi wopyapyala. Woyera wosatha injini itatentha kale ndiye kuti madzi akulowa mosayenera, gasiketi yapsa. Wakudawo nthawi zambiri ndi wotchipa kuuchiza, ndipo ndalama yake imabwerera yokha pa pampu, poti utsi umenewo ndi petulo wanu yemwe mwagula koma sadagwire ntchito. Kuusiya si umphawi, ndi ulesi. Ndipo inu amene mumagumula catalytic converter nkukagulitsa kwa a zitsulo, nkuwotcherera paipi wamba pamalo pake, mukumati galimoto ipume bwino: mwagulitsa mapapo a ana anu pa mtengo wa mowa wa Loweruka limodzi. Apa palibe Eskom yoti tiinamizire.

Kumudzinso nkhani ndi yomweyi, kungoti yavala malaya ena. South Africa salola kuitanitsa magalimoto akale kudzagulitsa muno, ngakhale ambiri amatsikira pa doko la Durban nkudutsa ulendo wa kumpoto. Malawi ndiye amalandira ndi manja awiri, kudzera ku Dar es Salaam, Beira ndi Durban komweko. Lipoti la bungwe la UNEP la 2020 lidapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 maiko a Ulaya, America ndi Japan adatumiza kunja magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito okwana 14 miliyoni, ndipo ochuluka mwa iwo adapita ku maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Galimoto yomwe yatopetsa mwini wake ndi mayeso a ku Nagoya imadzapuma ukalamba pa Chipembere Highway. Nafenso a ku Joni tikafuna kubwerera kwathu timakweza katundu pa chiphapha chomwe chatsala pang'ono kukanidwa kuno, nkukachisandutsa matola pa msewu wa ku Mchinji. Aliyense amene adaimapo kumbuyo kwa minibasi pa depoti ya Lilongwe akudziwa kuti COF yomata pagalasi ndi utsi wotuluka kumbuyo sizidziwana nkomwe.

Alamu sadagonje ndi mfundo zangazi, ndisanamepo. Adagonja ndi chemwali anga. Lamulungu lina pobwera ku tchalitchi ana adakhala kumbuyo, m'kati mwa kanope, ndipo pofika kunyumba wamng'ono adatsika ali lendee, akuti mutu ukuwawa, nkusanza pageti. Ekizozi idali itabooka pansi penipeni pa pomwe adakhala. Chemwali adalowa m'nyumba, adatenga chiphaso chija m'chikwama cha mapepala, nkuchiika patebulo pamaso pa amuna awo. "Bambo a Chisomo, pepala lanu lakhoza mayeso ili. Mum'funditse mwanayu pamphuno."

Pomwe ndikulemba pano, jakaranda wachita maluwa mzinda wonse uli buluu, ndipo injini ya kapikiapu ili pa lona pansi pa mtengo uja ku Pretoria West, mapisitoni anayi atandandalikidwa ngati nsomba pamsika. Mnyamata wa ku Mangochi adatola ringi imodzi yothyoka patatu nkuwaonetsa alamu pachikhatho, osanena kanthu. Ntchito ya m'magadeni yaima sabata yachiwiri tsopano, ndipo makasitomala awiri apeza kale wina wa bakkie. Dzulo alamu adaimbira mayi awo ku Dedza kuwafotokozera kuti ndalama ya mwezi uno ichedwa. Adalongosola za maringi, za ekizozi, za mwana. Mayi adamvetsera zonse, adafunsa ngati mdzukulu wawo wadya, kenaka adati mitambo yayamba kusonkhana cha ku phiri, ndipo anzawo onse feteleza adagula kale.